Nkhosa 26, Mbuzi 10, ndi Zaka za Woyendetsa Sitima

Inu amene muli kudimba wailesi mwaikoleka pamtengo, inu a m'minibasi, inunso ana athu a Fomu 4 amene masiku ano mukugona nkhuku zitatsala pang'ono kulira, takulandirani. Lero ndiyamba ndi funso, ndipo chonde musathamangire kuyankha.

M'sitima ya pamadzi muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10. Kodi woyendetsa sitimayo ali ndi zaka zingati?

Amene mwati 36, musadzimvere chisoni, muli ndi anzanu ambiri. Funso limeneli si langa ayi. Akatswiri a kaphunzitsidwe ka masamu a mumzinda wa Grenoble ku France ndiwo analipereka kwa ana a pulayimale cha m'ma 1980, ndipo pa ana 97, okwana 76 anatenga manambala awiriwo n'kupanga nawo zaka za munthu. Nkhosa kuphatikiza mbuzi, watuluka bambo wa zaka 36. Ana amenewa sanali opepera. Mukanawapeza panja n'kuwafunsa ngati ziweto za m'khola zingatiuze zaka za mwini khola, akanakusekani. Koma m'kalasi anali ataphunzira lamulo lina limene mphunzitsi sanalilembepo pabolodi. Lamulolo limati funso lililonse la samu lili ndi yankho, yankholo lili m'manambala amene wapatsidwa, ndipo nzeru zako zakunyumba uzisiye panja pamodzi ndi matope a kumapazi.

Nkhani yathu lero ndi ya mafunso amene ana athu amasova pokonzekera mayeso: a masamu, a sayansi, a zamalonda ndi a zachuma. Mayeso a MSCE akamayandikira, mumaona nokha zimene zimachitika. Makina a fotokope m'matauni sapuma. Mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, mapamfuleti a mafunso ndi mayankho ake, zonse zimayenda m'manja ndi pa WhatsApp. Kholo limadzimana ndiwo kuti mwana apeze kabukuko. Ine sindikutsutsa zimenezo. Ndinene poyera kuti mwana amene sasova mafunso sangakhoze masamu, ngakhale mphunzitsi wake atakhala katswiri chotani. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kasovedwe kake, komanso mtundu wa mafunso amene tikuwapatsa anawa.

Tiyambe ndi kasovedwe. Mu 2006, akatswiri awiri a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani zazifupi kuti awerenge. Ena anawauza kuti aziwerenga mobwerezabwereza. Ena anawalanda nkhanizo n'kuwapatsa pepala lopanda kanthu kuti alembe zonse zimene akukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwerezabwereza aja ndiwo anachita bwino. Atawayesa patapita sabata, zinthu zinatembenuka, ndipo amene anavutika ndi pepala lopanda kanthu aja ndiwo anakumbukira zambiri. Chosangalatsa n'chakuti obwerezabwereza aja ndiwo ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbukira. Kuwerenga chinthu kachitatu kumakoma, mawu onse amaoneka achibale, mtima umati ndadziwa. Umakhala ukunama mtimawo.

Tsono mwana wathu akatenga pamfuleti, funso pamwamba yankho pansi pake pomwepo, amatani? Amawerenga funso, diso limatsetserekera pa yankho, amagwedeza mutu kuti eya, n'chimodzimodzi mmene ndikanachitira, n'kutembenuza tsamba. Usiku umodzi amatha mafunso 40 asanagwire pensulo. Kumeneko kuli ngati kuonerera amayi akusenza mtsuko wodzaza kuchokera kumjigo: umaona ngati n'zapafupi mpaka tsiku limene udzauike pamutu pako madzi n'kukukhuthukira kumsana. Ana anga a Fomu 4, phimbani yankho ndi kope. Sovani nokha mpaka pamene nzeru zathera. Mukakanika, yang'anani mzere umodzi wokha, muphimbenso, mupitirize. Mafunso asanu osovedwa motero aposa 40 aja. Ndipo funso limene mwalakwa lero mulibwerere patapita masiku atatu, osati nthawi yomweyo pamene yankho likadali m'maso.

Palinso china chimene mabuku athu amachita mosadziwa. Mutu ukakhala wa Pythagoras, mafunso 20 otsatira onse ndi a Pythagoras. Mwana safunikanso kuganiza kuti pano pakufunika njira iti, mutu wa tsamba wamuuza kale. Doug Rohrer wa ku University of South Florida ndi anzake anaonetsa kuti ophunzira amene amasova mafunso osakanizasakaniza amavutika pa nthawi yoyeserera, koma pa mayeso amaposa anzawo amene amasova mtundu umodzi mpaka kuutha. Chifukwa chake n'chosabisika. Pepala la MANEB silikuuza kuti funso lachisanu ndi la mutu wakuti. Msikanso sukuuza.

Mwina ena mukuganiza kuti mafunso oyeserera anabwera ndi sukulu za amishoni. Ayi, ndi akale kwambiri, ndipo ena mwa akale zedi analembedwa mu Africa mom'muno. Ku British Museum mumzinda wa London kuli mpukutu wa gumbwa wa ku Egypt umene mlembi wina dzina lake Ahmes anaukopera cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe. Muli mafunso opitirira 80. Mukudziwa kuti ndi a chiyani? Kugawa buledi kwa antchito 10, kuyeza kuti nkhokwe yozungulira ikulowa tirigu wochuluka bwanji, kupeza mphamvu ya mowa malinga ndi mbewu zimene zalowamo. Ku China kuli buku lakale la mitu isanu ndi inayi, la mafunso 246, ndipo nkhani zake ndi kuyeza minda, kusinthanitsa mapira ndi mpunga, kugawa msonkho pakati pa midzi. Ku Babulo anasiya phale ladothi la zaka zoposa 3,500 lofunsa kuti ndalama yokongozedwa pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka idzawirikiza kawiri patapita nthawi yaitali bwanji. Leonardo wa ku Pisa, amene timamutcha Fibonacci, manambala amene tikulemba lerowa anawaphunzira ali mnyamata ku Bugia, mzinda wa Béjaïa ku Algeria lero, kumene bambo ake ankagwira ntchito pakati pa amalonda, ndipo buku lake la mu 1202 ladzaza ndi phindu, kusintha ndalama ndi ngongole. Anthu amenewa sankati awa ndi masamu, iyi ndi sayansi, izi ndi zachuma. Kwa iwo linali funso limodzi: nkhokwe iyi itifikitsa ku zokolola zina kapena ayi?

Ife tinagawa. Masamu ali ndi mphunzitsi wake, kope lake ndi belu lake. Fizikisi ndi kemisitiri zili kwina, ulimi kwina, zamalonda kwina. Kugawako kuli ndi ubwino wake, sindikukana. Koma mwana amatuluka akuganiza kuti peresenti ya m'kalasi ya masamu ndi ina, peresenti yolembedwa pathumba la feteleza ndi inanso.

Ku Brazil, mumzinda wa Recife, akatswiri atatu, Terezinha Nunes Carraher, David Carraher ndi Analúcia Schliemann, anapita kwa ana ogulitsa malonda mumsewu ngati ogula wamba. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1985. Pamsika anawo anakhoza 98 peresenti ya masamu amene anafunsidwa, onse a pamtima. Masamu omwewo atalembedwa papepala monga a kusukulu, anakhoza 37 peresenti yokha. Mwana wina wa zaka 12 anawerengera bwinobwino kuti kokonati anayi a 35 aliyense ndi 140. Atapatsidwa pensulo kuti achulukitse 35 ndi 4, analemba 200, ndipo sanadabwe nalo yankholo. Mu 2025, Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi anzawo anapeza zofananazo m'misika ya Kolkata ndi Delhi ku India, n'kupezanso mbali inayo: ana okhoza m'kalasi amene sanagulitsepo kanthu ankasokonezeka ndi samu ya pamsika. Inu amene munadutsapo pa Lizulu kapena pa Jenda mukudziwa zimene ndikunena. Kamtsikana kakupatsani tomato, kabichi ndi mbatatesi pawindo, kawonkhetsa, kakubwezerani chenji chokwana ndendende dalaivala akuliza kale hutala. Lolemba kamtsikana komweko kapeza 3 pa 20, ndipo aphunzitsi alemba ndi inki yofiira kuti kalibe mutu wa masamu.

Mbali ina ya vutoli kwathu kuno ndi chilankhulo. Kuyambira Sitandade 5 kupita m'tsogolo, samu imabwera m'Chingerezi. Ana ambiri amene timati alephera samu amakhala alephera chiganizo, samuyo sanaifike n'komwe. Mwana akapanda kumva chimene akufunsidwa, amasaka manambala m'chiganizomo n'kuwachita chilichonse chimene anaphunzira sabata imeneyo. Mankhwala ake safuna ndalama. Musanasove, fotokozerani mnzanu funsolo m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'chilankhulo chimene mumakangana nacho pampira. Ngati simungathe kulifotokoza, musayambe kulemba.

Tsopano nditenge samu imodzi yokha, ndikuonetseni mmene imayendera m'maphunziro anayi osiyana. M'buku la masamu ili pamutu wa chiwongoladzanja chimene nachonso chimabala chiwongoladzanja, ndipo ana amailoweza ngati ndondomeko ya zilembo: A, P, r ndi ka n kokhala pamwamba. Amaisova, amakhoza, amaiwala. Koma tiyeni tiichotse m'bukumo tipite nayo kwa wakatapila. Mwakongola K10,000, mwagwirizana kuti pakutha pa mwezi muwonjezerapo theka, ndiye kuti 50 peresenti. Mwezi watha, ngongole ndi K15,000. Mwalephera kubweza. Mwezi wachiwiri theka lija sakuliwerengeranso pa K10,000, akuliwerengera pa K15,000, ndiye mwafika pa K22,500. Wachitatu K33,750. Ikamakwana miyezi isanu ndi umodzi, muli ndi ngongole yoposa K113,000. Munthu amene anadya K10,000 yokha. Alipo anthu ophunzira bwino, a satifiketi zawo m'chikwama, amene khadi lawo la kubanki limagona kwa wakatapila mwezi ndi mwezi. Samu imeneyi anaikhoza pa mayeso, koma palibe anawauza kuti P uja ndi malipiro awo.

Belu lalira, talowa m'kalasi ya bayoloje. Aphunzitsi akuti tizilombo tina ta bakiteriya, tikapeza chakudya ndi kutentha koyenera, timagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Kamodzi kasanduka tiwiri, pa ola limodzi tafika 8. Pa maola asanu ndi limodzi, kamodzi kaja kabala toposa 260,000. Ndi samu ya wakatapila yomwe ija, yangosamukira mumphika wa ndiwo zogona. N'chifukwa chake m'mwezi wa Okutobala nyemba zosatenthetsa madzulo zimadzuka zitasasa.

M'kalasi ya jogalafe mukumananso nayo. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno. Wa mu 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, kuphatikizapo abale athu amene ankathawa nkhondo ku Mozambique. Wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni, chiwerengero chikukwera ndi 2.9 peresenti pachaka. Nambala ya 2.9 imamveka yaing'ono, yosaopsa. Koma pali kanjira kachidule kamene Luca Pacioli anakalemba m'buku lake ku Venice mu 1494: tengani 72, mugawe ndi peresenti imene chinthu chikukwera nayo pachaka, mupeza zaka zimene chidzawirikize kawiri. Gawani 72 ndi 2.9, mupeza zaka pafupifupi 25. Ndiye kuti liwiro limeneli litapitirira, mwana wobadwa m'chaka cha kalembera wa mu 2018 uja akamadzakwatira tidzakhala tili 35 miliyoni, pa nthaka yomweyi, nyanja yomweyi. Mwana wa Fomu 3 angathe kusova zimenezi pa mphindi imodzi, ndipo akasova adzamvetsa chifukwa chimene munda wa agogo ake ukucheperachepera akamagawana.

Kanjira komweko kagwiritseni pa kukwera mitengo kwa zinthu. Miyezi yambiri ya chaka cha 2024, ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inkalengeza kuti mitengo ikukwera ndi 30 peresenti ndi kupitirira pachaka. Gawani 72 ndi 30. Pa zaka ziwiri ndi theka, kapena kupitirira pang'ono, mtengo wa chinthu wawirikiza. Ndalama yosungidwa pansi pa matiresi yatha theka la mphamvu yake popanda wakuba kulowa m'nyumba. Apa mpamene ambiri timapunthwa, ngakhale ife a pawailesi. Akalengeza kuti kukwera mitengo kwatsika kuchoka pa 30 kufika pa 20 peresenti, anthu amathamangira kugolosale kukaona ngati sopo watsika, akapeza wakwera amati boma likunama. Tiyeni tisove. Sopo wa K1,000 akakwera ndi 30 peresenti wafika pa K1,300. Chaka chotsatira akakwera ndi 20 peresenti wafika pa K1,560. Chatsika ndi liwiro la kukwerako, mtengowo ukupitabe m'mwamba. Chimodzimodzi abwana akakukwezerani malipiro ndi 10 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti, musaphe nkhuku. Gawani 110 ndi 130, muona kuti zimene mungagule zachepa ndi 15 peresenti.

Funso limene ndikanakonda litalowa m'kalasi iliyonse ya Fomu 4 ndi la mwezi wa Novembala 2023. Banki yaikulu ya Reserve inalengeza kuti dola imodzi ya ku America, imene inali pa K1,180, tsopano ili pa K1,700. Dziko lonse linati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tengani pensulo. Kusiyana kwa 1,700 ndi 1,180 ndi 520. Mukagawa 520 ndi 1,180 mupezadi 44 peresenti, ndiye kuti dola yakwera mtengo ndi 44 peresenti. Koma funsani mwanjira ina: munthu amene anali ndi K1,180 m'thumba, imene dzulo lake ikanagula dola yathunthu, lero agula gawo lanji la dola? Gawani 1,180 ndi 1,700, mupeza kuti agula masenti 69. Kwacha yataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake. Manambala onse awiri ndi oona, 44 ndi 31, kungoti aliyense akuyezera pa chinthu chake. Woitanitsa katundu kunja amamva 44. Wosunga makwacha amamva 31. Mwana amene wagwira mfundo imeneyi, yoti peresenti iliyonse uyenera kuifunsa kuti ndiwe peresenti ya chiyani, sangapusitsidwe ndi sitolo imene yakweza nsapato ya K10,000 ndi theka kufika pa K15,000, kenako n'kumata chikwangwani choti tatsitsa ndi 20 peresenti. Adziwa kuti akulipira K12,000 pa nsapato ya K10,000.

Ku sayansi nakonso mafunso abwino ali pakhomo pathu pomwe. Pathumba la feteleza wobereketsa wa urea palembedwa 46 peresenti. Thumba ndi la makilogalamu 50, ndiye kuti nayitirojeni, chakudya chenicheni chimene chimanga chikufuna, ndi makilogalamu 23. Thumba la feteleza wokulitsa, uja nambala yake yoyamba ndi 23, lili ndi makilogalamu 11 ndi theka. Alangizi akamati pa hekitala ya chimanga cha haibulidi thirani matumba awiri okulitsa ndi atatu obereketsa, mwana awonkhetse yekha: 23 kuphatikiza 69, yakwana 92. Nanga ngati banja lapeza thumba limodzi lokha la mtundu uliwonse, lithire munda wonse mopyapyala kapena lisankhe chigawo? Limenelo ndi funso la kemisitiri, la ulimi ndi la zachuma nthawi imodzi, ndipo limafunsidwa m'nyumba zambiri mwezi wa Novembala uliwonse. Kabzalidwe ka Sasakawa nakonso ndi samu: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Pa hekitala pakwana mapesi opitirira 53,000. Mwana amene wapeza yekha nambala imeneyi sadzaiwala kuti hekitala ndi masikweya mita 10,000.

Inu a m'tauni, mita ya ESCOM ili pakhomapo ndi labotale yokwanira. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikaphika nyemba maola awiri yadya mayunitsi atatu. Babu la mawati 10 kuti lidye mayunitsi atatu omwewo liyenera kuyaka maola 300. Tsono bambo amene amakalipira ana chifukwa cha babu la pakhonde, kwinaku nyemba zikubwata pamagetsi kuyambira m'mawa, apatseni ana awo a Fomu 2 awasovere. Amene mulibe magetsi, yezani denga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la malata la masikweya mita 50, mvula ya mamilimita 20, ndi malita 1,000, ndowa 50 za malita 20 zimene zimangothera pansi n'kukumba ngalande pabwalo.

Wina anena kuti akulu inu mukulota, mayeso safunsa za nyemba. Zoona, MANEB ili ndi silabasi yake, ndipo mwana ayenera kusova mafunso a aljebura ndi a makona atatu monga mmene amabwerera papepala. Pali masamu ena amene sungawapeze pamsika, ndipo ndi ofunika kwa amene adzamange milatho ndi kuyeza mankhwala. Sindikuti titaye mapepala akale. Ndikuti mwana wozolowera mafunso amene yankho lake angaliyese ndi maso amatenga chizolowezi chimodzi chimene chimamupulumutsa ngakhale pa aljebura: akapeza yankho amaima kaye n'kudzifunsa ngati n'lomveka. Olemba mayeso ambiri amataya mamalikisi chifukwa chosowa chizolowezi chimenechi. Kadontho kasochera pa kakyuleta, mwana alemba kuti basi yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe imathamanga makilomita 800 pa ola, ajambula mizere iwiri pansi pa yankho, apita pa funso lina mtima uli m'malo.

Kumapeto kwa njira yoloweza mayankho kuli likasa. Tonse tikukumbuka Novembala wa 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anali atawanda m'mafoni, ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, n'kukalembanso mu Januwale 2021. Tinakwiya, ndipo tinayenera kukwiya. Koma tidzifunse: mwana amene kwa zaka zinayi taphunzitsa kuti chofunika ndi kudziwa yankho la funso limene libwere, tikudabwa chiyani akamasaka funsolo usiku wa mayeso? Lero kwabweranso mafoni amene umangojambula funso, yankho n'kutuluka ndi njira yake yonse. Chida chimenechi ndi chabwino kwa mwana amene wayamba wavutika yekha, akufuna kuona pamene anaphonya. Kwa amene amajambula asanaganize, ndi pamfuleti ina yothamanga kwambiri, ndipo nthawi zina imalakwitsa molimba mtima.

Aphunzitsi athu, makamaka inu a m'sukulu za CDSS, ndikudziwa kuti mawu ndi osavuta kwa munthu wokhala pa maikolofoni. Kalasi yodzaza mpaka pakhomo, buku limodzi ana angapo, labotale kulibe, makope ochonga mulu. Sindikukusenzetsani katundu wina. Ndikupempha chinthu chimodzi chimene chingakupeputseni: Lachisanu lililonse, ana abwere ndi mafunso awo. Wina akafunse amayi ake mmene chiwongoladzanja cha kubanki m'khonde amachiwerengera. Wina akayeze thanki ya pasukulu. Wina akafunse wakabaza kuti njinga yamoto ya abwana ake amaperekera zingati patsiku, mafuta amathira a zingati, ndipo ayenera kunyamula anthu angati asanayambe kugwirira m'thumba lake. Asinthane makope, asovane, akangane. Kupanga funso n'kovuta kuposa kuliyankha, chifukwa wopanga funso ayenera kudziwa nambala zimene zikufunika ndi zimene zilibe ntchito. Inunso makolo, ngakhale sukulu munalekera Sitandade 4, musadzichepetse. Samu ya mpamba ndi phindu mumaidziwa kuposa mwana wanuyo. Mukamawerengera za geni madzulo, muitaneni akhale pamphasa pomwepo ndi kope lake, alembe zimene inu mukuchita pamtima, muone ngati mufika pamodzi.

Nthawi yatsala pang'ono, ndiye ndikusiyireni ntchito ya kunyumba. Mitengo ndangoikapo ine, inu mudzaike ya pamsika wa kwanu. Mlimi wakolola chimanga mwezi wa Meyi ndipo akufuna K100,000 ya fizi ya mwana. Mavenda akugula thumba pa K25,000, ndiye akagulitsa matumba anayi fizi yakwana. Koma iye akuyembekeza kuti pofika Januwale thumba lidzakhala pa K45,000. Kubanki m'khonde angamukongoze K100,000 yomweyo pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi, kwa miyezi isanu ndi itatu. Agulitse lero, kapena akongole n'kusunga matumba anayiwo mpaka Januwale?

Musove kawiri. Koyamba, ngati mlimiyo akupereka chiwongoladzanjacho mwezi uliwonse osaphonya. Kachiwiri, ngati sakupereka kanthu mpaka Januwale, gulu n'kumachiwonjezera pa ngongole. Mukatha, mufunse agogo kuti pa matumba anayi osungidwa miyezi isanu ndi itatu anankafumbwe amadyapo zochuluka bwanji, mufunsenso kusitolo mtengo wa mankhwala othira m'chimanga kapena wa matumba a PICS, muziike m'samumo. Ana asove papepala, akuluakulu pamtima, ndipo wina asaone za mnzake mpaka nonse mutamaliza. Mayankho anu tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.